Mfuti ya Mfumukazi ndi Mlandu wa Asuweni

Mfuti zakale zimene zikupezekabe m'midzi ya m'boma la Lundazi ndi m'chigwa cha Luangwa ku Zambia sizinalowe m'derali pa njira imodzi. Zochuluka kuposa zina zonse ndi za gogodela, kutanthauza mfuti yothirira wonga ndi chipolopolo kukamwa n'kuzitsindira ndi ndodo yachitsulo, ndipo zimenezi zinabwera m'zaka za m'ma 1800 ndi amalonda a minyanga ya njovu ndi akapolo, ena kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota kudzera ku Kasungu, ena kuchokera ku Zambezi pamodzi ndi Achikunda amene ankakwera ndi mtsinje wa Luangwa posaka njovu. Pambuyo pake kunafika mfuti zolowetsera chipolopolo kumbuyo chimodzichimodzi, monga Snider ya 1866 ndi Martini-Henry ya 1871, zimene zinali m'manja mwa asilikali ndi apolisi a atsamunda m'nyengo imene ankagonjetsa Mwase wa ku Kasungu ndi Mpezeni m'zaka za m'ma 1890. Yotsiriza inali Lee-Enfield, imene anthu amangoitchula kuti 303 potsata kukula kwa chipolopolo chake, yomwe anyamata a Northern Rhodesia Regiment ananyamula ku Somaliland, ku Abyssinia ndi ku Burma pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Koma iyi inali katundu wa boma wowerengedwa ndi kulembedwa, choncho nkhondo itatha msilikali ankabwerera kumudzi ndi mendulo, mfuti n'kutsala ku kampu.

Anthu a kunja amene amasonkhanitsa zida zakale, n'kumapikisana ndalama m'misika ya ku London ndi kwina, satchula mtengo asanawerenge zidindo za pa chitsulo, chifukwa ndizo zimaulula kumene chidacho chinapangidwa ndi chaka chake. Akatero amafufuza ngati mpope, loko ndi chogwirira chamtengo ndi zomwezo zimene zinatulukira limodzi m'manja mwa amisiri, ndipo pomaliza amafunsa za anthu amene mfutiyo yakhala nawo. Njira imeneyi ndi yolongosoka ikakhala m'buku, koma pakhonde la nyumba ya kumudzi imakumana ndi malamulo ena amene a ku London sanawaganizire, monga zinaonekera pa kukambirana kwa amayi ena okalamba a m'dera la Mfumu Yaikulu Mwase ndi mdzukulu wawo, wobadwa kwa mwana wawo wamwamuna, amene anaphunzira mbiri yakale pa yunivesite ku Lusaka. Mwambo umalola agogo aakazi kutchula mdzukulu wamwamuna kuti mwamuna wawo mwanthabwala, ndipo dzina limeneli limabwera ndi ufulu womunena chilichonse popanda kupepesa, ufulu umene agogo awa ankaugwiritsa ntchito mosaumira.

Mfutiyo inatsitsidwa kutsindwi, kumene inali yokulungidwa m'chiguduli, ndipo mnyamatayo anayamba ndi loko, chitsulo cha m'mbali mwa mfuti chimene chimasunga kanyundo ndi sipuling'i yake. Atapukuta ndi chala anawerenga mawu oti TOWER ndi chaka cha 1862, ndipo chakumbuyo anaona chisoti chachifumu chokhala ndi zilembo V ndi R kunsi kwake.

"Agogo, kodi mukudziwa chimene mwakhala mukugona nacho m'nyumba muno?" anafunsa mnyamatayo ndi chimwemwe cha munthu amene waona za m'buku zili pamphasa. "Iyi ndi Enfield ya mtundu wa 1853, mfuti imene asilikali a Angerezi anamenyera nkhondo ku Crimea ndi ku India, ndipo a ku America anaigula yochuluka pa nkhondo yawo yapachiweniweni."

"Amuna anga, mfuti iyi ndi ya amalume awo a amalume anga, ndipo ku Crimea kwanuko sinapondeko," anayankha agogowo osasiya kuswa nsawa. "Kutali kumene inafika ndi kwa Chitungulu, ndipo inabwerako ndi mwendo wa njati. Inu mwakhala ku Lusaka zaka zonsezi, mwabwerako ndi chiyani? Magalasi."

Mnyamatayo, amene anazolowera kale kulandira zoterezi, anapitiriza kufotokoza kuti mawu oti TOWER si dzina la fakitale, koma amasonyeza kuti amisiri a ku Birmingham kapena ku London anapangira boma chitsulocho, boma n'kuchiyendera ndi kuchilandira; kuti V ndi R zimaimira Mfumukazi Victoria; ndiponso kuti kamuvi kakang'ono kodindidwa pafupi ndi chakacho ndi chizindikiro chimene boma la Britain linkaika pa katundu wake, kuyambira pa mizinga mpaka pa zovala za akaidi. Apa m'pamene manja a agogo anaima m'lichero.

"Mukuti mfutiyi ili ndi mwini wake?"

"Inali naye, agogo. Zolowetsera kumbuyo zitabwera, boma linagulitsa zakalezi kwa amalonda."

"Linagulitsa pamaso pa yani?"

Mnyamatayo, pokhala wophunzira woona mtima, anavomera kuti mfuti yotuluka m'manja mwa boma mwalamulo inkadindidwa mivi iwiri yokhudzana nsonga, ndipo ataitembenuza uku ndi uku anavomeranso kuti chidindocho sichikuoneka. Anatsala pang'ono kuwonjezera kuti chikhoza kukhala kuti chinali pa chiwalo chimene chinatayika kale, koma agogo anali ataweruza.

"Ndiye kuti sinagulitsidwe, tikungowasungira. Kuno munthu akakusungitsa ng'ombe, mkaka ndi ndowe zimakhala zako, ndipo tsiku lodzatenga amakusiyira thole loti zikomo. Mfuti ilibe mkaka, ilibe ndowe, imangodya: mafuta a nsawa chaka ndi chaka, msonkho wa laisensi ku boma, nkhuku za amisiri oikonza. Mibadwo inayi, amuna anga. Mayiyo abwere ndi ng'ombe."

"Agogo, Mfumukazi Victoria anamwalira mu 1901."

"Ha! Pepani. Ndiye osatumiza ndi uthenga womwe kwa ife osunga katundu wawo? Zilibe kanthu, mlandu suwola. Analowa m'malo ndani?"

Funso limeneli mnyamatayo analilandira ndi manja awiri, poti mndandanda wa mafumu a Britain anauloweza pokonzekera mayeso, ndipo sanaone mbuna imene inali patsogolo pake. Ananena kuti analowa Edward wachisanu ndi chiwiri, mwana wa mfumukaziyo, ndipo agogo anagwedeza mutu movomereza, chifukwa kwa Achewa mwana ndi wa mbumba ya mayi ake, mbumba kukhala gulu la abale olumikizana kudzera mwa akazi. Ananenanso kuti Edward atamwalira mu 1910 analowa mwana wake George wachisanu, ndipo apa mutu wa agogo unaima.

"Mwana wake? Edwardyo analibe mlongo?"

"Anali nawo angapo. Wamkulu, nayenso dzina lake Victoria, anakwatiwa ku Germany."

"Anam'tenga chitengwa. Nanga anabereka mwamuna?"

"Anabereka Wilhelm, amene anadzakhala mfumu ya Ajeremani."

"Ndiye mwini mpando ndi ameneyo, mwana wa mlongo! Georgeyu anangokhala pa mpando wa mnzake. Kodi Angerezi ndi Angoni? Ngati ndi Angoni, ng'ombe za malowolo anakazitula kwa yani? Ndipo mwana wa mlongoyo anangopinda manja, katundu wa amalume ake akudyedwa?"

Mnyamatayo anakhala kanthawi akuyang'ana nkhuku imene inkapalasa pabwalo, kenako ananena motsitsa mawu kuti mu 1914 mayiko a asuweni awiriwa anamenyana. Agogo anaomba m'manja kamodzi, lichero n'kutsala pang'ono kugwa. Iye anayesa kunena za kuphedwa kwa kalonga wa ku Austria ku Sarajevo, za mapangano a mayiko ndi za mpikisano wa sitima za nkhondo, koma chiganizo chilichonse chinkatuluka chachifupi kuposa chinzake, mpaka chomaliza chinangokhala dzina la mzinda.

"Amalume awo a amalume anga anasenza katundu wa mtengatenga mpaka mapazi kung'aluka, anzawo kufera m'njira," anatero agogo, "osauzidwa kuti ndi mlandu wa chuma cha masiye, umene nyakwawa aliyense akanaugamula pansi pa mtengo ndi mbuzi imodzi dzuwa lisanapendeke. Sukulu yonseyi sanakuuzeni zimenezi? Ndalama za bambo anu zinapita pachabe."

Pofuna kupulumukira pa masiku ndi mayina, mnyamatayo anakumbutsa agogo kuti Ajeremani anafikadi m'dziko lino mu Novembala 1918, pamene von Lettow-Vorbeck ndi asilikali ake analowa chakumpoto n'kutenga Kasama, ndipo atamva pa mtsinje wa Chambeshi kuti nkhondo yatha ku Ulaya anakatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala. Anati mfuti zambiri zinaponyedwa m'nyanja ya Chila, ndipo zina zimene zinavuulidwa pambuyo pake zili m'nyumba yosungiramo zakale ya Moto Moto, zamtengo wapatali ngakhale zili ndi dzimbiri lokhalokha, chifukwa tsiku ndi malo ake zimadziwika.

"Mwaona? Ankafuna iyi. Anangosochera. Kasama ndi kuno n'kosiyana, koma munthu wonyada safunsa njira, ndipo safunsa anadya phula. Akanafika pa Lundazi n'kufunsa mwana aliyense akanawalozera, tikanawaphikira nsima, n'kukhala pansi kuwerengerana."

N'koyenera kunena pano kuti mfundo ya agogo, ngakhale palibe buku limene lingaivomereze, ilibe pobooka ikayesedwa ndi lamulo lake lomwe, ndipo ubale umene anaimapo ndi woona. George ndi Wilhelm analidi asuweni, wina mwana wa mwamuna wina mwana wa mlongo wake, ubale umene kwa Achewa umaloleza kunyozana ndi kulandana tinthu popanda mlandu, ngakhale kuti mwambo sunaganizirepo zoti chisuweni chichitike zaka zinayi ndi mizinga.

Mnyamatayo anatembenukira ku mpope, akuyembekeza kuti kumeneko kulibe abale. Anafotokoza za chidindo cha mayeso, chimene chimaikidwa mpope ukaomberedwa ndi wonga wopitirira muyezo n'kupulumuka osaphulika, ndipo anati ku Birmingham nyumba yoyesera mipope inakhazikitsidwa mu 1813. Koma chimene anapeza pafupi ndi kanyundo sichinali cha ku Birmingham. Zinali zilembo E, L ndi G m'kati mwa mzere wozungulira, chidindo cha mzinda wa Liège ku Belgium, kumene amisiri ankagula ziwalo za mfuti zotha ntchito za asilikali a ku Ulaya n'kuzilumikiza kukhala mfuti zotsika mtengo za malonda a ku Africa. Atayatsa tochi ya foni n'kusuzumira kukamwa kwa mpopewo ndi diso limodzi, anapezanso kuti mulibe mizere itatu yopota imene Enfield yeniyeni imakhala nayo, imene imazunguliritsa chipolopolo kuti chiyende mowongoka. Munali mosalala, monga mmene mfuti zambiri za malonda zinaliri, ndiponso monga mmene pangano la ku Brussels la 1890 linadzalamulira, pamene mayiko a ku Ulaya anagwirizana kuti anthu a mu Africa azigulitsidwa zachikale zopanda mizere zokha, zatsopano zizikhala m'manja mwa atsamunda. Za chogwirira sanavutike kufufuza, poti agogo anazinena okha monyadira.

"Chimenecho ndi chachitatu. Choyamba chinadyedwa ndi chiswe chaka cha dzombe, chachiwiri chinathyoledwa ndi njati, ichi ndi mlombwa wosemedwa ndi mmisiri wa kwa Kapichila. Chikopacho ndi cha mchira wa njati yomweyo, anachiveka chili chachiwisi kuti chikauma chigwire. Inathyola, ndiye inalipira. Ndodo yotsindira inagwera mumtsinje wa Lukusuzi, iyi inachokera pa bedi lachitsulo."

"Ndiye cha 1862 chatsala ndi loko yekha," anatero mnyamatayo mofooka.

"Nanga inu cha tsiku lobadwa chatsala n'chiyani? Mano ndi ena, mawu ndi ena, chilankhulo ndi china. Tikutayeni?"

Iye anayesa kulongosola kuti wogula wa ku Ulaya amalipira kusasinthika kwa chida, moti pa 303 amayerekeza nambala ya pa mpope ndi ya pa chitsulo chokokera chipolopolo, ndipo zikasiyana amabweza ndalama zake m'thumba. Koma ali m'kati mofotokoza anaona kuti chitsulo chonse cha mfutiyo chinali kunyezimira mosagwirizana ndi zaka zake, ndipo anafunsa chifukwa. Agogo anayankha kuti chaka chilichonse akatha kukolola amaikwecha ndi phulusa ndi mchenga wa kudambo, chifukwa m'nyumba mwawo simukhala chitsulo chakuda. Mnyamatayo anagwira mutu, nanena kuti kudera kumene chitsulo chimakhala nako chikakalamba ndi kumene osonkhanitsa amakufuna, kuti kukwecha kumafufuta zidindo, ndipo mwina ndi mchenga womwewo umene unadya mivi iwiri ija.

"Ngati unadya, unadya. Wofuna umboni abwere ndi wake, wathu ndi chisoti ichi. Koma taimani, mukuti azungu amagula litsiro? Kukhitchiniko kuli mphika wa nyemba umene kunja kwake sikunakwechedwe chiyambire Kaunda. Mukawauze, ndiwatsitsira."

Chotonthoza chokha chimene mnyamatayo anapeza n'chakuti lokoyo sanali wabodza, ndipo anasimba za amisiri a ku Khyber Pass, m'malire a Pakistan ndi Afghanistan, amene amasula Martini-Henry ndi manja n'kukopera zidindo zake zonse, koma nthawi zina amagwidwa chifukwa amadinda V ndi R pamodzi ndi chaka chimene mfumukaziyo anali atagona kale m'manda. Agogo anati amisiri amenewo alibe mlandu, popeza zikuoneka kuti nawonso sanatumiziridwe uthenga wa maliro.

Panthawi imeneyi m'pamene mnyamatayo anakumbukira lamulo limene limayenera kukhala loyamba kwa aliyense wogwira gogodela, loti ndodo yotsindira ilowetsedwe mumpope mpaka pomwe yagunda, idindidwe ndi chala pakamwa, kenako iyerekezedwe kunja kwa mpopewo. Ikapanda kufika pomwe kanyundo amamenya, ndiye kuti m'katimo muli kanthu. Anayesa, ndipo ndodoyo inaperewera ndi zala zinayi. Anagoneka mfutiyo pansi mwaulemu umene sanausonyeze chifikire, kukamwa kwake atakulozetsa kutchire, iye n'kusunthira kumapeto kwa mphasa.

"Agogo, umu muli chiyani?"

"Wonga, luzi, ndi tizidutswa ta chitsulo."

"Ndiye munangondiyang'ana ndikuika diso pakamwa pake?"

"Ndimamvera phunziro. Munthu wa digiri sadulidwa mawu. Kachipewa kamkuwa kamene kanyundo amamenya kali m'chitini changa cha fodya, ndipo popanda iko mfuti ndi mtengo wopirikitsira agalu. Koma inu munayamba ndi Crimea, osayamba ndi kufunsa. Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."

Pa mfundo iyi onse awiri anali olakwa, chifukwa wonga wakuda ukakhala pouma umakhalabe ndi moyo zaka makumi ambiri, ndipo mfuti yotere siiyenera kusuzumiridwa ndi wophunzira kapena kukwechedwa pafupi ndi moto ndi wokalamba. Koma funso lakuti unathiridwa liti linasintha nkhope ya agogo. Kusamvana kwa mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina ndi chipani cha UNIP pamodzi ndi boma, kumene kunabuka ku Chinsali, kunafika ku Lundazi m'masiku oyamba a Ogasiti 1964, pamene otsatira mpingowo anaukira boma la Lundazi, ndipo m'masiku otsatira anthu ambiri anaphedwa mbali zonse, ufulu wa pa 24 Okutobala utatsala ndi miyezi yosakwana itatu. Agogo anati alongo awo ndiwo anathira wongawo m'masiku amenewo, n'kumachezera pakhomo mfuti ili pamiyendo, akazi ndi ana akugona kuthengo. Sanaombe, chifukwa amene akanawaomba anali anthu amene ankakumana nawo pamaliro ndi pamsika, ndipo kuchokera pamenepo anakana kupita nayonso kosaka, anakananso kuchotsa wongawo mpaka tsiku limene anamwalira. Apa agogo sanaponye mwambi, ndipo mdzukulu sanatchule chaka china chilichonse.

Amene anayambanso kulankhula ndi mnyamatayo, ndipo analankhula za malamulo. Anati lamulo la mfuti, lomwe ndi mutu 110 wa malamulo a Zambia, limafuna laisensi ngakhale pa gogodela, ndipo pepala lolembedwa dzina la munthu amene anamwalira silitchinjiriza wotsala, choncho anyakwawa aperekeze nkhaniyi kupolisi, kumenenso kungapezeke wodziwa kuchotsa wongawo mosavulaza munthu. Anawonjezera, mawu akuchepa, kuti lamulo la 1989 loteteza zinthu zakale, limene limayendetsedwa ndi National Heritage Conservation Commission, limakhudza zinthu zambiri za mbiri zimene zinapangidwa kapena kugwiritsidwa ntchito m'dziko lino asanafike 1 Januwale 1924, ndipo siziloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo; kotero ngakhale mlendo wina wogona ku hotela yonga linga ija, imene Bwanamkubwa wa boma Errol Button anamangitsa pa Lundazi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ataikonda, sangakwere nayo ndege.

"Mlendo uti?" anafunsa agogo mwakachetechete. "Ehe. Ndinaona kale. Mwafika dzulo osafunsa za bondo langa, mwafunsa za kutsindwi. Galu wamkota sakandira pachabe, koma kagalu kakang'ono nakonso kakayamba kukanda ndiye kuti kanunkhiza."

"Ndimangofuna kudziwa mtengo wake, agogo. Ndipo ntchito ilibenso. Tsobola wakale sawawa."

Mwambi umenewu, umene achinyamata amaukonda chifukwa ndi umodzi mwa yochepa imene ili mbali yawo, unagwa pamalo oipa. Bungwe la COMACO, limene linayamba ntchito yake ku Lundazi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 motsogozedwa ndi Dale Lewis, limagula nsawa, mpunga ndi uchi kwa alimi n'kumalimbikitsa alenje kupereka mfuti ndi misampha yawo, ndipo m'chigwa ena mwa alenje akalewo tsopano amathira tsobola wosinja mu gogodela m'malo mwa chipolopolo pothamangitsa njovu m'minda. Agogo ankazidziwa zimenezi kuposa mdzukulu wawo.

"Tsikirani kwa Kazembe mpunga ukamacha, mukaiuze njovu maso ndi maso kuti tsobola sawawa. Ikavomera, mudzabwere mudzandiuze ndine wabodza."

Kunena zoona, chimene wogula wa ku London angakane pa mfuti iyi ndi chomwecho chimene nyumba yosungiramo zakale ya ku Livingstone kapena ya ku Lusaka ingafune: mlombwa, chikopa cha njati, ndodo ya pa bedi, ndi mbiri ya amalume anayi imene sinalembedwe pena paliponse kupatula m'mutu mwa munthu wa zaka zoposa 80. Enfield yosasinthika imapezeka m'nyumba zambiri zotere pa dziko lapansi, ndipo imanena za fakitale. Yokonzedwa katatu ndi amisiri a kumudzi imanena za Lundazi. Mnyamatayo anafika pa ganizo limeneli mochedwa, ndipo anaika foni pamphasa n'kupempha agogo kuti ayambe ndi amalume oyamba aja, amene anaigula ndi nyanga ya njovu, atchule mmene anaipezera ndi kwa yani.

"Zimenezo mawa, ndipo mubwere ndi shuga, chifukwa mawu a akulu akoma akagonera. Lero tilembe kalata. Sukulu yanu igwireko ntchito."

"Kalata yopita kwa yani?"

"Kwa onse awiri. Wa ku London ndi ndani tsopano?"

"Charles wachitatu, mwana wa Elizabeth."

"Ameneyo ndi mwana wa mkazi, angamve msanga. Mumulembere iye, mulemberenso adzukulu a Wilhelm. Woyamba kufika ndi ng'ombe ndiye mwini mfuti, winayo akadandaule ku bwalo la a Mwase. Mulembemo kuti abwere ndi wodziwa kuchotsa wonga, ndiponso kuti pepani ndi maliro, tinamva mochedwa."

Mnyamatayo anaseka koyamba tsiku limenelo, ndipo anafunsa kuti popeza ndiye mlembi wa mlandu, gawo lake pa ng'ombezo lidzakhala lotani. Agogo anamuyang'ana mwachifundo chimene sichinali chabodza chonse.

"Inu ndinu mwana wa mwamuna, amuna anga. Za mbumba ino zidzapita kwa msuweni wanu, mwana wa azakhali anu, ndipo musandiyambitsire 1914 pabwalo pano. Kwa amayi anu kwa Magodi amati mwana ndi wa bambo, kuno timati mwana ndi wa mayi, ndiye inu mwagwa pakati. Mapanga awiri avumbwitsa. Koma musadandaule, ntchito ilipo. Ng'ombe za ku Ulaya zikafika zidzakhala zisanaphunzire kulankhula kwathu kuno, ndiye zidzafuna mbusa wodziwa Chingerezi."